Mukonza maphunziro a kukambirana ndi anchito ogontha? Musayambire ku loji

Ngati ndinu a HR, supavaiza kapena mwini kampani kuno ku Chipata ndipo mwaganiza zoti anchito anu aphunzire kukambirana bwino ndi anzawo ogontha ndi aja amamva movutikira, chonde musathamangire kubuka holo ku loji ndi kusindikiza pepala la A B C ya manja. Tonse tidziwa mmene ma wekishopu ayendera kuno: tsiku limodzi, baji pachifuwa, tiyi wa 10 koloko, chithunzi cha gulu, alawansi, basi kwatha. Ndiye Lolemba likafika miting'i ya m'mawa ikhala momwe inalili kale, anthu atatu kukamba nthawi imodzi, wina ali chofulatira akulemba pa bolodi, mnzathu uja ali chiimire pakona kudikira kuti wina amuuze ndi mawu awiri zimene anthu akambirana mphindi 20, ndipo kawirikawiri chimene auzidwa ndi chakuti "palibe, za nchito chabe". Maphunziro amene ine ndikamba pano ndi aja osintha miting'i ya Lolemba imeneyo. Kudziwa kupereka moni ndi manja nkwabwino ndithu, koma ndi kachigawo kang'ono.

Musanalembe olo mzere umodzi wa pulogramu, khalani pansi ndi mwini nkhani. Ngati agwiritsa nchito chinenero cha manja, bweretsani womasulira weniweni, osati mnzake wa pa benchi amene akuti "amamumvako". Mufunseni ngati afuna kuti maphunzirowa achitike, ngati afuna kuima kutsogolo kapena ai, ngati alola kuti atchulidwe. Ena safuna kusandutsidwa chitsanzo pamaso pa gulu lonse ndipo akakana, kwatha, mukonza maphunziro osamuloza chala. Kenaka mufunseni malo amene nkhani zimamudutsa. Zimene adzatchula si zimene inu munali kuganiza. Inu muganiza za makasitomala, iye adzakuuzani za tsiku lija malipiro anachedwa aliyense anadziwa kupatula iye, anakaima pa mzere ku banki pachabe, chifukwa uthenga unaperekedwa pakamwa pa geti anthu akuweruka.

Chifukwa china chokhalira naye pansi nchakuti ogontha si amodzi onse. Pali amene anabadwa choncho kapena anagontha ali khanda, naphunzira ku Magwero kwathu kuno, kumene amishoni a Dutch Reformed anayamba kuphunzitsa ana ogontha mu 1955, kapena ku St Joseph's ku Kalulushi, kapena ku Munali ku Lusaka. Awa chinenero chawo ndi Zambian Sign Language, chinenero chokwana chokhala ndi malamulo akeake, si Chinyanja choikidwa m'manja kapena Chingerezi choikidwa m'manja ai. Pali amene anagontha atakula kale chifukwa cha meningitis, chikuku, malungo a mu ubongo, mafinya a m'khutu amene sanachiritsidwe, kapena mankhwala amphamvu monga kwinini ndi majekeseni ena a TB. Awa akamba Chichewa bwinobwino ndipo mwina saini sadziwa olo imodzi, ndiye mukawabweretsera womasulira mwangotaya ndalama, iwo afuna zolemba ndi nkhope yanu. Pali amene anakulira kumudzi osapita ku sukulu, ali ndi zizindikiro zawozawo zimene anapanga ndi a pabanja pawo. Ndiye pali gulu lina lalikulu limene silioneka: amadala a ku chigayo, a ku jinala ya thonje, owotcherera ndi odula zitsulo ndi girainda, amene makutu anatha pang'onopang'ono ndi phokoso ndipo sangavomere chifukwa aopa kuti nchito iwathera. WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, imati anthu opitirira 5 pa 100 alionse padziko lapansi, pafupifupi 430 miliyoni, ali ndi vuto la kumva lofunika thandizo. Ngati muli ndi anchito 60 nkumati wovutika kumva ndi mmodzi yekha, mwina simunayang'anitsitse.

Mukatha apo tengani kope, muyende pamalo anu a nchito kuyambira geti itsegulidwa mpaka itsekedwa, kulemba paliponse pamene uthenga uyenda ndi mawu chabe. Tiyeni titenge depoti yogula nshawa ndi soya m'nyengo ya June ndi July. Mlonda aitana munthu ali patali ndi kufuula dzina. Supavaiza afuula kuti mtengo wa lero wasintha, ali pamwamba pa matumba. Lole ibwerera m'mbuyo kulowa m'shedi, chenjezo lake ndi hutala ndi kondakitala womenya chitseko. Kalaliki aitana maina pa windo lokhala ndi mawaya, nkhope yake yosaoneka. Wina akadwala auzidwa kuti "imbani foni ku ofesi". Magetsi akapita m'shedi mukhala bii, manja saoneka, milomo saoneka, munthu uja watsala yekha pakati pa anthu 30. Zimene mwalemba m'kopemo ndizo zimene mudzaphunzitsa. Zimene mwakopera pa intaneti kuchokera ku London, za ma foni a malemba ndi ma ofesi a makapeti, zisiyeni, kapena tengani chabe zimene zigwirizana ndi shedi yanu.

Manje nkhani ya mphunzitsi. Apa ine sindigonja: wophunzitsa akhale wogontha. Munthu wakumva olo adziwe saini bwanji, akaima kutsogolo anthu atuluka ndi chisoni, "aa koma anzathuwa avutika". Akaima wogontha, wavala bwino, akuwaseketsa, akuwakonza manja akalakwitsa, anthu atuluka atadziwa kuti osadziwa chinenero m'chipinda muja anali iwo. Funsani ku Zambia National Association of the Deaf kapena ku ZAPD, bungwe la boma loona za anthu olumala, kapena kwa aphunzitsi a ana ogontha, kuti akulozereni munthu wodziwa kuphunzitsa akuluakulu. Ndipo mumulipire monga mulipirira konsatanti aliyense, osati kumupatsa ya transipoti ndi botolo la madzi. Wanchito wanu wogontha angathandize ngati afuna, koma si udindo wake kuphunzitsa kampani yonse kwaulere pamwamba pa nchito yake, ndipo pali mafunso ena opusa amene anthu ayenera kufunsa mlendo osati mnzawo amene adzakumana naye mawa. Womasulira akhalepo, ndipo uzani gulu poyera kuti womasulirayu tamubweretsera inu akumva.

Za nthawi, ine ndikonda chonchi: kukumana koyamba maola awiri kapena atatu, kenaka mphindi 15 kapena 20 sabata iliyonse kwa miyezi iwiri kapena itatu, pamalo penipeni pa nchito. Manja aiwala msanga ngati sagwiritsidwa nchito. Gulu lisapitirire anthu 12 kapena 15, mipando ikhale mozungulira ngati U kuti aliyense aone nkhope ya mnzake, ndipo chitani masana pamalo owala chifukwa lodi shedingi simudziwa. Amene ayenera kukhalapo si a mu ofesi okha. Mlonda wa pa geti, amai oyeretsa, kashiya, madalaivala, wa sitolo ya zipangizo, awa ndiwo akumana ndi mnzathu uja kangapo pa tsiku. Ndipo abwana aakulu akhale mpaka kumapeto. Zija zobwera kudzatsegula ndi mawu a mphindi zisanu nkuthawira ku "miting'i ina", anchito amawerenga bwino kwambiri kuti ndiye kuti nkhaniyi ilibe kulemera.

Pali masewera ena amene ophunzitsa ambiri akonda, kutseka anthu makutu ndi thonje kuti "amve mmene kugontha kumvekera". Ine ndikuti asiyeni. Munthu wotsekedwa makutu mphindi 10 asokonezeka, achita mantha, nkuganiza kuti mnzake akhala choncho moyo wonse, pamene mnzakeyo ali ndi chinenero, abwenzi, banja ndi njira zake zochitira zinthu. Chimene chigwira nchito ndi masewera a milomo, chifukwa aphwanya bodza lija lakuti "iye amawerenga milomo, palibe vuto". Aikeni awiriawiri, mmodzi anene mawu popanda kutulutsa liwu, wina alembe. Apatseni "kupha" ndi "kuba", "bala" ndi "pala", "mbale" ndi "pale". P, b ndi m pa milomo zioneka chimodzimodzi, ndipo k, g ndi ng' zichitikira kumbuyo kwa kamwa kumene diso silifika. Kenaka apatseni chiganizo cha nchito, monga "mawa tiyamba 6 koloko, mubweretse NRC", muone mmene mapepala abwerere. Anthu aseka mpaka misozi, koma akamaliza kuseka afunseni: ndiye mnzanu akagwedeza mutu mukamuuza zinthu, ndiye kuti wamva? Nthawi zambiri agwedeza chifukwa watopa kufunsa kachitatu, ndipo waona kale nkhope yanu yayamba kukwinyika.

Kuchoka apo pitani ku zoyeserera za thupi, anthu aimirire, asangomvera. Kuitana munthu: kugwedeza dzanja pamene maso ake afika, kumugwira pang'ono paphewa, kugogoda tebulo limene wagwira kuti amve kunjenjemera, kuzima ndi kuyatsa getsi kamodzi kapena kawiri ngati muli m'chipinda. Osamuponya kamwala kapena chitsononkho, ndipo osamudzidzimutsa kuchokera kumbuyo ali pa makina. Za kugwira paphewazi kambiranani bwino pakati pa abambo ndi amai, mufunse mwiniwake chimene alola. Pali chinthu chimodzi cha mwambo wathu chimene muyenera kuchitchula poyera: ife tinaleredwa kuti ulemu ndi kugwetsa maso pokamba ndi wamkulu, ndiponso kuti kuloza munthu ndi chala ndi mwano. Pokamba ndi wogontha zitembenuka. Kuyang'ana kumbali iye akukamba ndiko mwano, kuloza ndi mbali ya chinenero, ndipo nkhope yake ikamasintha kwambiri, nsidze kukwera, masaya kufufuma, si ukali kapena chibwana, ndi mmene funso ndi kukula kwa chinthu zisonyezedwa. Masupavaiza ambiri amalemba munthu kuti "ngwaukali" chifukwa cha nkhope chabe. Zotsalazo nzachidule: musafuule, kufuula kupotoza milomo. Musakambe mukutafuna chimanga kapena nzimbe, musaphimbe pakamwa, musaime windo lili kumbuyo kwanu chifukwa nkhope yanu ikhala mdima. Akapanda kumva, nenani ndi mawu ena kapena lembani, koma mawu akuti "basi zisiyeni, sizofunika" aletsedwe pa kampani panu.

Kagwiritsidwe nchito ka womasulira nakonso kafunika kuyeserera, chifukwa anthu akamuona koyamba onse atembenukira kwa iye nkuyamba "muuzeni kuti...", "mufunseni ngati...". Ai, yang'anani mnzanuyo, kambani naye mwachindunji, womasulira aime kapena akhale pafupi ndi wokamba kuti wogontha aone onse awiri. Womasulira amakhala mawu angapo m'mbuyo, ndiye mukafunsa "pali funso?" dikirani pang'ono musanapitirire, apo ayi wogontha sadzapeza mpata olo kamodzi. Munthu sangayang'ane pa sikirini ndi pa manja nthawi imodzi, choncho mukaonetsa chithunzi kapena tebulo la manambala khalani chete kaye awerenge. Mutumizireni womasulira mapepala dzulo lake kuti adziwe mawu a nchito yanu. Ndipo ngati zokambirana zipitirira ola limodzi mufunika omasulira awiri osinthana pakapita mphindi 20 kapena 30, chifukwa nchito imeneyi itopetsa mutu ndi mikono ndipo munthu akatopa ayamba kudumpha zinthu.

Gawo limene ine ndiona kuti ndilo mtima wa maphunziro onse ndi kuchita miting'i yanu yeniyeni ya m'mawa pamaso pa mphunzitsi. Musapeke sewero. Uzani supavaiza achite mmene achitira masiku onse, mphunzitsi wogontha akhale m'gulu, ikatha anene zimene wagwira. Kawirikawiri ndi zochepa zomvetsa manyazi. Kenaka bwerezani ndi malamulo atsopano amene gulu lenileni lapangana: tiima mozungulira, akamba mmodzi pa nthawi, wofuna kukamba akweza dzanja ndipo wotsogolera amuloza kuti maso adziwe kopita, mfundo za tsiku zilembedwa pa bolodi miting'i isanayambe, manambala ndi maina ndi nthawi zilembedwa nthawi zonse, ndipo ikatha wina ajambula bolodi ndi foni nkuponya pa gulu la WhatsApp. Mudzaona kuti akumva omwe ayamba kuyamikira, chifukwa zija za "ine sindinamve kuti shifiti yasintha" zichepa.

Za kulemba pali msampha. Timaganiza kuti poti samva, tingomulembera kalata yaitali basi. Ogontha ambiri amene anapita ku sukulu anaphunzira kulemba m'Chingerezi, Chichewa cholemba mwina sachidziwa kwenikweni olo anabadwira ku Katete, chifukwa sanachimvepo chikukambidwa. Ndipo Chingerezicho kwa iwo ndi chinenero chachiwiri, ndiye mesiji yawo ingabwere ndi mawu osanjidwa monga mmene saini iyendera. Uzani masupavaiza kuti zimenezo si umbuli. Phunzitsani anthu kulemba mwachidule: ndani, chiyani, kuti, liti. Chiganizo chimodzi nkhani imodzi, chithunzi ngati chilipo. Pa gulu la WhatsApp la nchito ma voice note aletsedwe, kapena woponya alembe pansi pake zimene wanena, ichi chokha chingasinthe zambiri. Video call ithandiza kwa odziwa saini koma idya bandulo, ndiye ngati ndi za nchito kampani igule. Ma app osandutsa mawu kukhala malemba monga Live Transcribe ya Google ayesako ndi Chingerezi pamalo a phee, koma mmene tikambira ife kusakaniza Chinyanja, Chinsenga ndi Chingerezi m'chiganizo chimodzi, musawadalire pa nkhani ya malipiro kapena ya chitetezo.

Masaini eni ake muphunzitse, inde, koma osankhidwa. Pemphani wanchito wogontha ndi mphunzitsi asankhe 20 kapena 30 a pamalo anu: imani, ngozi, moto, bwerani, dikirani, bwerezani, ndamva, sindinamve, nthawi, ndalama, mawa, kudwala, chimbudzi, maina a makina ndi manambala. Asanu pa sabata akwana. Ajambuleni ka vidiyo kafupi, mwini manja atalola, kakhale pa foni ya aliyense, ndi zithunzi pa khoma pafupi ndi makina. Chenjerani ndi YouTube, zambiri za kumeneko ndi saini ya ku America kapena ya ku Britain. Ya kuno ili ndi zina zofanana ndi ya ku America, monga zilembo za dzanja limodzi, koma si imodzi, ndipo olo anzathu a ku Malawi kungodutsa pa Mwami apa ali ndi yawo. Chinanso chokoma: ogontha amapatsa anthu dzina la saini potengera chizindikiro cha munthu, mpata wa mano, ndevu, kayendedwe. Musadzipatse nokha, dikirani akupatseni, ndipo abwana akonzekere chifukwa mwina lawo lidzakhudza mimba.

Musaiwale gulu lija losaoneka. Patulani nthawi ya amene amamva pang'ono, popanda kutchula munthu. Fotokozani kuti kachipangizo ka m'khutu kothandiza kumva sikabweza makutu kukhala atsopano. Kali ngati wailesi yokwezedwa voliyumu pakati pa msika wa Kapata, kakweza mawu anu pamodzi ndi jenereta, njinga zamoto ndi woimba nyimbo pa sitolo yoyandikana, ndipo mabatire ake atha ndipo ndi odula. Munthu wotere athandizidwa ndi zinthu zosafuna ndalama: zimani wailesi kapena chokani pafupi ndi makina pokamba zofunika, dziwani khutu lake labwino muime mbali imeneyo, tchulani mutu wa nkhani musanalowe mkati, mupatseni mpando wa kutsogolo popanda kuchita naye mwambo. Madzulo amakhala wotopa kwambiri chifukwa tsiku lonse mutu wakhala ukulumikiza zidutswa za mawu, ndiye miting'i yolemera ikhale m'mawa. Pomwepo ponyaniponso nkhani ya kuteteza makutu a otsalawo. Muyezo umene ambiri atsatira ndi wakuti phokoso la 85 decibels kwa maola 8 pa tsiku ndi malire, ndipo ngati muyenera kufuula kuti munthu ali pa mtunda wa mkono umodzi akumveni, malo amenewo afunika zotseka m'makutu. Makutu ophedwa ndi phokoso sabwerera.

Za chitetezo musazisiye kumapeto anthu atayamba kuyang'ana mawotchi. Tulukani panja muyeserere. Belu la moto likalira, ndani adziwitsa mnzathu? Asankhidwe anthu awiri pa shifiti iliyonse, osati mmodzi, chifukwa mmodzi apita ku maliro. Nanga ali m'chimbudzi kapena m'sitolo yekha? Apa pafunika getsi lothwanima, ndipo likhale la batire chifukwa cha magetsi athu. Pangani saini imodzi ya "tulukani manje" imene aliyense adziwa, ndi ina yomugwira pathupi ngati muli mdima kapena utsi. Madalaivala a lole ndi forklift adziwe kuti hutala si chenjezo kwa aliyense, pakhale munthu wotsogolera ndi manja, magalasi pa makona, mizere ya penti pansi yosonyeza poyenda anthu. Tochi ikhale pamalo odziwika. Koma chenjerani, mabwana ena akamva za chitetezo athamangira kunena kuti ndiye wogontha achoke pa makina akasese panja. Kumeneko si kuteteza munthu, ndi kumulanda nchito. Konzani malowo.

Mabwana ndi a HR akhale ndi kukumana kwawo kwapadera, ola limodzi, pamene mukamba za lamulo ndi ndalama. Zambia inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2010, ndipo Persons with Disabilities Act ya 2012 iletsa tsankho pa nchito ndipo ifuna kuti wolemba nchito asinthe zinthu moyenera kuti munthu wolumala agwire nchito yake. Employment Code Act ya 2019 nayonso iletsa kusala munthu chifukwa cha kulumala. Musawerenge ndime zonse, anthu agona. Tengani nkhani zitatu kapena zinayi zimene zichitika: intavyu, kusaina kontrakiti, kuunika kagwiridwe ka nchito, ndi mlandu wa disipulini. Pa zimenezi womasulira wodziwa nchito ndi wofunika ndipo alipira ndi kampani. Ndinaonapo pamalo ena ake mlandu wa katundu wosowa ukuzengedwa, womasulira ali mwana wa mlongo wake wa wozengedwayo, mnyamata wa giredi 9, akunjenjemera pamaso pa mabwana anayi. Abwana akamba chiganizo chachitali cha Chingerezi, mnyamata apanga masaini awiri, amalume ake agwedeza mutu, kalaliki alemba kuti "wavomera". Musalole zotere. Wachibale kapena mnzake wa pa nchito sayenera kumva za malipiro, matenda kapena mlandu wa munthu, ndipo amachotsa zina pofuna kuteteza kapena kuopa. Funsaninso mabwanawo funso limodzi losautsa: wanchito wanu wogontha wakhala pa giredi imodzi zaka zingati, ndipo maphunziro a kukwezedwa anaitanidwako liti?

Mawu oitanira anthu, lolani mphunzitsi wogontha anene yekha amene iwo akonda ndi amene awanyansa. Chimene ndingakuuzeni nchakuti zija zoitana munthu ndi chilema chake m'malo mwa dzina, kapena kutsanzira mawu ake poseka, zilembedwe m'malamulo a kampani kuti ndi mlandu. Komanso kambani za nthawi ya nsima, chifukwa nkhani zenizeni za pa nchito zikambidwa pamenepo, ndani achoka, ovataimu ilipo liti, chilimba chiyamba mwezi uti, tisonkha zingati za maliro a amai ake a uje. Wogontha akamadya yekha akuyang'ana foni si kuti sakonda anthu. Nthabwala ikagwa onse nkuseka, wina atembenuke amuuze, olo ifike mochedwa.

Pomaliza kukumana koyamba musagawe ka pepala kaja ka "maphunziro anali bwino kwambiri, bwino, pakati", onse achonga bwino kwambiri chifukwa cha chakudya. M'malo mwake gulu lililonse lilembe zinthu zitatu zimene lisintha kuyambira Lolemba, dzina la woyang'anira chilichonse ndi tsiku, zipachikidwe pa khoma. Pakapita mwezi umodzi, kenaka itatu, khalaninso pansi ndi wanchito wogontha, womasulira alipo, supavaiza wake palibe, mutsegule kope lija munayenda nalo nkufunsa mzere ndi mzere: apa pasintha? Bolodi ilembedwa? Ma voice note anatha? Getsi la moto linaikidwa kapena likali "ku procurement"? Anchito atsopano onse alandire ka gawo ka mphindi 30 sabata yawo yoyamba, apo ayi pakatha chaka theka la anthu ophunzitsidwa lidzakhala litachoka, makamaka kumene mulemba aganyu a nyengo ya zokolola. Ngati mufuna tsiku lokumbutsana chaka ndi chaka, 23 September ndi tsiku la zinenero za manja padziko lonse, ligwa bwino nyengo yogula mbewu itayamba kuchepa. Ndipo pokonza bajeti ya chaka chamawa ikani mzere wakewake wa womasulira, mabandulo ndi mabatire, chifukwa ikakhala pansi pa "zina ndi zina" ndiyo iyamba kudulidwa ndalama zikachepa. Omasulira odziwa bwino kuno kum'mawa ndi ochepa, ndiye sungani manambala a awiri kapena atatu, muwauze sabata isanafike, ndipo ngati achokera ku Lusaka muwerengere basi ya pa Great East Road ndi malo ogona.